A Mbewe a ku Kabwata ndi Tinjerwa Tawo

Loweruka lapitali tinapita kukavundukula mwala pa manda a apongozi anga, a Lazalo Mbewe, popeza patha chaka chitisiyireni. Pobwerera, mwamuna wanga Isaki anati pakufunika wina alembe za bambo ake zidzukulu zisanaiwale. Onse m'galimotomo anatembenukira ine, chifukwa ndine mphunzitsi, komanso chifukwa mtengwa sakana ntchito.

Ndiyambire pa maliro awo, poti ku Kabwata, komboni ya mu Lusaka, akuwakambabe. M'mawa uthenga utamveka, amuna anayamba kutulutsa mipando m'nyumba kuti anthu apeze pokhala. Potulutsa kabati anagubuduza ndowa yodzaza tinjerwa ta apongozi. Tinasesa mofulumira n'kuyala mphasa ndi makapeti, osadziwa kuti tambiri tatsalira pansi pake. Posakhalitsa anafika amayi a chigwirizano a kumpingo, yunifolomu yoyera mbee, akuimba chapansipansi. Anavula nsapato pakhomo monga mwa mwambo. Woyamba kulowa anali mtsogoleri wawo, mayi wathupi ndithu. Anangoponda kawiri.

"Mayo ine! Mayo, nafwa!"

Wachiwiri naye anakuwa, wachitatu anagwa chokhala n'kupeza kena kakumudikira pomwepo. Nyimbo inathera panjira, m'nyumba monse munangoti kulira kwenikweni, misozi chuchuchu. Amuna amene anali mu tenti panja anavula zipewa. Mkulu wina wa mpingo anapukusa mutu n'kuuza mwamuna wanga kuti, "Isaki mwanawe, ine sindinkadziwa kuti bambo ako ankakondedwa chonchi."

Kwa amene simunationepo, ndi tinjerwa ta pulasitiki, tofiira, tachikasu, tabuluu, toyera, kena kochepa ngati chikhadabo, kena kotalika ngati chala. Pamwamba pali timano tozungulira, kunsi kuli timapaipi, ndipo ukakanikiza kena pa kanzake timalumana gwa, popanda simenti kapena guluu. Kumayiko a azungu amagulira ana. Ku Kabwata tinali ta mdala wa imvi, ndipo munthu wotitchula kuti zidole sankapatsidwanso mpando pakhomo paja.

Apongozi anachoka ku Katete ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito yojambula mapulani pa kampani ina ya boma yomanga nyumba mpaka tsitsi linayera. Itafika nthawi ya zipani zambiri, kampaniyo inagulitsidwa. Iwo anabwerera kunyumba ndi kalata, rula yaitali ndi mapensulo. Sanasiye kudzuka mmamawa, kuvala tayi ndi kupukuta nsapato, kungoti ulendo wawo unkathera pakhonde. Ankakhala pamenepo tsiku lonse n'kumadzudzula makoma a anthu amene ankaoneka kuchokera pampando wawo.

Apongozi aakazi, amake Isaki, ataona kuti tayi sadyedwa, anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Soweto. Tsiku lina akumasula belo la majekete a ana pakhonde, anapeza sokosi imodzi yomangidwa kukamwa, yolemera. Anaikhuthula pansi poganiza kuti mwina mzungu waiwalamo zamtengo wapatali. Atangoona kuti ndi timapulasitiki, anatenga tsache.

"Taimani," anatero apongozi aamuna.

Anatola tiwiri, kutilumikiza, kutilekanitsa, kutilumikizanso. Kenaka anatikweza kudzuwa n'kutsinzina diso limodzi.

"Amake Isaki, palibe mpata. Ngakhale tsitsi silingalowe apa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupempha amisiri kuti andipatse ngodya yotere, ndipo lero ndaipeza mu sokosi."

Kuyambira tsiku limenelo anapeza kopita. Tsiku lililonse lomasula mabelo ankapezeka ku Soweto ndi tayi wawo, akupisa m'matumba a majekete a eni ake. Poyamba amayi a pamsika ankawathamangitsa, koma atazolowera anayamba kuwasungira n'kuwapatsa dzina loti ba Tumabuloko. Akamva kuti mzungu wina ku Kabulonga kapena ku Woodlands akubwerera kwawo ndipo akugulitsa katundu pageti, ankanyamuka wapansi. Anthu ankalimbirana mafiriji ndi makatani, iwo n'kumafunsa ngati m'nyumbamo munali ana. Mayi wina wa kumeneko ndiye anawapatsa katoni yathunthu, pamodzi ndi timabuku tofotokoza mbiri ya tinjerwato. Mayiyo sanadziwe chimene anatichitira ife a ku Kabwata, chifukwa kuchokera pamenepo palibe amene anadutsa pakhomo paja osaphunzitsidwa.

Ankakuyamba ndi woyambitsa wake. Ankati anali kalipentala wa ku Denmark, wopanga makwerero ndi matebulo ositirapo, amene ntchito itavuta anayamba kusema zoseweretsa ana. Apa ankaima kaye n'kukuyang'ana, kuti uone wekha kuti anthu anzeru amatulukira ntchito ikatha. Ankapitiriza kuti kanjerwa kopangidwa iwo ali mnyamata kamalumana bwinobwino ndi kopangidwa chaka chino, chifukwa kumeneko muyeso sasintha boma likasintha. Za tianthu tachikasu timene timabwera ndi tinjerwato, ankachotsa mutu wa kamodzi n'kukuonetsa kabowo ka pamwamba, n'kunena kuti anakaika dala kuti mwana akameza azipumabe. Kenaka ankautenga mutu uja n'kuuika pa thupi la kena, la malaya a mtundu wina, n'kunena kuti ndi mmene andale a masiku amenewo ankachitira: mutu womwewo, kumwetulira komweko, malaya okha atsopano.

Mlendo wolemekezeka ankamuikira tinjerwa tisanu ndi kamodzi ta timano tisanu ndi titatu, n'kumufunsa kuti tingalumikizidwe m'njira zingati. Ambiri ankati makumi awiri, olimba mtima n'kuti zana. Iwo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti njirazo ndi mamiliyoni mazanamazana, moti munthu atayamba tsiku lobadwa akhoza kuikidwa m'manda asanamalize. Abusa athu atamva zimenezi anasangalala, anati n'chimodzimodzi chifundo cha Mulungu, chosawerengeka.

"Ayi abusa," anatero apongozi. "Izi anawerenga."

Ine ndinalowa m'banjamo nthenda imeneyi itakula kale. Tisanasamukire ku Chelstone tinakhala nawo zaka zitatu. Sabata yanga yoyamba, ndinapita ndi beseni ndi jagi kukawasambitsa m'manja. Ndinagwada monga anandilangizira kwathu, ndipo bondo langa lonse linatera pa kanjerwa. Mtengwa watsopano sakuwa pamaso pa apongozi. Ndinangoluma mlomo. Iwo anasuzumira pansi ndi nkhope ya nkhawa.

"Mwathyola?"

"Ayi atate, bondo lili bwino."

"Ndikufunsa kanjerwa."

Anakatola, kukapukuta ndi tayi, n'kundiuza monyadira kuti ngakhale ndikanakhala wonenepa kawiri, kakanapirira.

Pamsika panayambanso kubwera tinjerwa tina totengera, timene ku Lusaka timati ta gong'a. Apongozi ankatizindikira ndi khutu. Ankagwetsa kanjerwa pa simenti n'kupendeketsa mutu. Kakalira mosayenera, kankapita m'chitini chapadera, ndipo pomanga nyumba zawo zazing'onozo, ta gong'a ankamangira zimbudzi zokha. Mwana wathu Taonga atafika zaka zinayi analoledwa kusewera ndi ta m'chitinimo, atasamba m'manja ndi sopo. Tenitenito anauzidwa kuti adikire akhwime maganizo.

Ndi amake Isaki nkhondo inali ya tsiku ndi tsiku. Tinjerwa tochokera ku salaula tinkatsukidwa ndi mswachi m'beseni la mbale, n'kuyanikidwa m'lichero la mpunga. Mapoto amene sanali pamoto ankasanduka mosungira, lililonse mtundu wake. Tsiku lina amake Isaki anabwera kuchokera kumsika atatopa, n'kutsegula poto kuti aphike nyemba, n'kupeza mwadzaza tachikasu.

"Bambo inu, kodi ine ndinakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi nasale?"

"Musasakanize ndi tofiira," anayankha iwo ali pakhonde.

Dzino lawo la kutsogolo linapitanso chifukwa cha tomweti. Tiwiri topyapyala tinalumana kwambiri, zikhadabo zinalephera, ndiye anaikapo mano. Kuchipatala anauza dokotala kuti analuma fupa. Kunyumba ankaonetsa alendo tiwiri tija tili chilumanire, ngati umboni wa ntchito yabwino.

Koma mdani wawo wokondedwa anali ba Chishimba a nyumba ya pakona. Iwowa anali ochokera ku Luapula, anagwirapo ntchito kumigodi, ndipo nawonso itatha anabwera ku Lusaka n'kuyamba kumata ndi kugulitsa matayala akale. Anali munthu wamfupi, waphokoso, woseka ndi thupi lonse, ndipo pakhomo pawo pankadya anthu ambiri, ana awo ndi a abale omwe. M'mawa uliwonse ankakuwa moni wa kwawo ali pamsewu kuti, "Ba Mbewe, muli shani?" Apongozi ankayankha m'Chichewa cha ku Katete chozama dala, kuti mnzawoyo avutike.

Mkangano wawo waukulu unali wa matayala. Apongozi ankati kampani ya tinjerwayo imapanga matayala ambiri kuposa kampani iliyonse ya matayala padziko lapansi, ndipo ankatulutsa kamodzi m'thumba, kochepa ngati batani la jekete.

"Awe ba Mbewe, lekani boza," ankatero ba Chishimba. "Ine matayala ni nchito yanga. Aka ni kamphete, si tayala."

"Ndi lozungulira?"

"Ee."

"Ndi la labala?"

"Ee, koma..."

"Limagudubuza galimoto?"

"Galimoto ya nyerere!"

Ankasiyana atakwiyitsana, mawa lake n'kuyambiranso pomwepo.

Nkhani imene ndikufuna zidzukulu zidziwe inachitika boma litagulitsa nyumba za m'makomboni kwa anthu amene ankakhalamo. Aliyense atakhala mwini nyumba, Kabwata yense anasanduka malo omanga. Uyu mpanda wa mabuloko, uyu kachipinda ka lendi, uyu kagolosale. Ba Chishimba anamanga shedi ya matayala pakona, pafupi ndi ngalande yodutsa kuseri kwa nyumba zathu. Apongozi nawo anamangira amake Isaki khola la nkhuku zoyera zogulitsa, kuseri, molumikiza ku mpanda. Anajambula okha pulani yake, ndipo ankati ndi khola lokhalo mu Lusaka lokhala ndi ngodya zoona.

Mvula ya chaka chimenecho itabwera, madzi anasefukira m'ngalande n'kulowa m'nyumba zisanu za mzere wathu. Anali madzi akuda, onunkha, osakanikirana ndi za m'zimbudzi, ndipo inali nyengo imene wailesi inkangolankhula za kolera. Mabelo awiri a amake Isaki anaonongeka. Mwana wa nyumba yachitatu anatsekula m'mimba mpaka kugonekedwa kuchipatala. Anachira, koma anthu anachita mantha, ndipo mantha anafuna wolakwa. Apongozi anaima pamsewu, thalauzi atapinda mpaka m'mawondo, tayi ali pakhosi, n'kuloza shedi ya matayala.

Analemba kalata ya masamba anayi kupita ku ofesi ina yoona za zomangamanga cha ku Longacres, ndipo anthu a mzere wonse anasainira. Yankho linabwera loti mbali zonse ziwiri zikaonekere, ndipo shediyo ikapezeka kuti ndiyo yatseka madzi, igwetsedwa. Ba Chishimba anasiya kupereka moni wa m'mawa. Akazi awo anabwera kwa amake Isaki n'kukhala pansi kukhitchini, n'kungofunsa kuti, "Manje bana bazadya chani?" Amake Isaki anakawapempha amuna awo kuti nkhaniyo ikambidwe pakhomo. Iwo anati madzi alibe chibale, amapita kumene muyeso wawatuma.

Anali ndi masabata atatu okonzekera. Anayeza msewu wonse ndi tepi, nyumba ndi nyumba, mpanda ndi mpanda, kutsetsereka kwa nthaka akuyeza ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi. Kenaka pa thabwa lalikulu anamanga mzere wathu wonse ndi tinjerwa. Panali nyumba zisanu ndi ziwiri, ngalande, zimbudzi za gong'a, shedi ya ba Chishimba yakuda bii, ndi khola la nkhuku lofiira, lokongola kuposa zonse. Mipata anaimata ndi phula la kandulo kuti madzi asadonthe. Isaki anawafunsa ngati sangayese kaye kuthirapo madzi kunyumba.

"Munthu wonena zoona sayeserera umboni," anatero.

Tsikulo litafika, Isaki anali kuntchito, ndiye ine ndinagwira mbali ina ya thabwalo. Tinalifunditsa chitenje n'kukwera minibasi, thabwa lili pamiyendo pathu. Kondakitala anafunsa kuti, "Ba mudala, ni keke ya ukwati?" Apongozi anamuuza kuti ndi Kabwata. Mnyamatayo anayang'ana ine mwachisoni, ngati akunena kuti pepani ndi odwala anuwa. Pa bampu lililonse apongozi ankakalipira dalaivala kuti akugwetsa nyumba za anthu.

Ku ofesiko tinapeza ba Chishimba atafika kale, atavala suti yobwereka imene manja ake ankabisa zala. Sanatiyang'ane. Bwana wa ofesiyo anali munthu wotopa, wa magalasi, tebulo lake lodzaza mafayilo. Titavundukula chitenje, bwanayo anadzuka pampando. Anaitana anzake a m'maofesi oyandikana, ndipo posakhalitsa chipinda chinadzaza anthu akuloza timawindo ndi timakomo. Apongozi anatupa ndi chimwemwe. Anayamba kufotokoza za kalipentala wa ku Denmark, koma bwanayo anawadula n'kuwapempha kuti alowe m'nkhani.

"Bwana, ine sindilankhula zambiri. Ndipatseni jagi ya madzi. Madziwo ndiwo anene."

Anabweretsa jagi. Apongozi anakweza dzanja n'kuyamba kuthira kumtunda kwa msewu, pang'onopang'ono, ngati mvula. Madzi analowa m'kangalande n'kuyamba kutsika. Tonse tinawerama. Anafika pakona, pa shedi yakuda. Ba Chishimba anatsinzina. Madzi anadutsa pambali pa shediyo bwinobwino, osaima n'komwe, n'kupitirira. Anadutsa nyumba yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu. Atafika pa khola lofiira anaima, n'kuyamba kukwera, kubwerera m'mbuyo, n'kulowa m'timakomo ta nyumba zisanu, imodzi ndi imodzi, ndendende mmene zinachitikira.

Bwana analoza kakholako ndi chala.

"Ichi chofiira ni cha ndani?" anafunsa bwana uja.

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ba Chishimba anatsegula diso limodzi, kenaka lachiwiri, n'kusendera pafupi.

"Bwana," anatero mwaulemu kwambiri, "iyo ni nyumba ya nkhuku za ba injiniya."

Apongozi anapempha jagi yachiwiri. Anakhuthula madzi oyamba m'ndowa, kuyang'ana ngati thabwa lakhala bwino, n'kuthiranso. Madzi anachita zomwezo. Ndinkadziwa kuti akanatha kunena kuti minibasi yasokoneza muyeso, kapena kuti tebulo la bwana ndi lopendekeka, ndipo palibe akanawatsutsa, chifukwa m'chipinda monsemo wodziwa za miyeso anali iwo okha. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kakhola kawo. Kenaka anakagwira ndi zala ziwiri, kukazula, n'kukaika m'thumba la jekete.

"Jagi ina."

Ulendo uno madzi anayenda ngalande yonse mosadodoma, kudutsa nyumba zonse zisanu ndi ziwiri, kufika kumapeto kwa thabwa, n'kugwera pa mafayilo a bwana ndi pa thalauzi lawo. Anthu anabalalika kupulumutsa mapepala. Pakati pa chipwirikiticho apongozi anaima njo, n'kukonza tayi.

"Bwana, lembani kuti wolakwa wapezeka. Lembaninso kuti ndamugwira ndine."

Pobwerera tinakwera minibasi imodzi tonse atatu. Titafika pakona, apongozi anaima pa shedi ija, osayang'ana mnzawo kumaso.

"A Chishimba, muli ndi hamala yaikulu?"

"Ilipo, ba Mbewe."

"Ndibwerekeni."

"Nizabwela nayo neka. Imwe na msana wanu uja simungakwanise."

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, madala awiri aja anali kuseri akugwetsa khola. Nkhuku zinamwazikana Kabwata yense, ana a m'misewu itatu akuzithamangitsa. Amake Isaki anafika kuchokera ku Soweto n'kupeza khoma lomaliza likugwa. Anatula katundu, kuika manja m'chiuno, n'kufunsa kuti wapenga ndani. Ndinawafotokozera zonse kukhitchini. Anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira khoma. Atatha anapukuta misozi, n'kutuluka kukawakalipira amuna awo mokwanira, chifukwa nkhukuzo zinagona m'bafa mwezi wathunthu.

Pansi pa khola anapezadi kuti maziko ake anatsekereza theka la ngalande. Atachotsa, madzi sanalowenso m'nyumba za mzere wathu. Mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pa apongozi, ndipo sindikhulupirira kuti ankadziwa katchulidwe kake. Chimene anachita n'chakuti anazula kashedi kakuda kaja pa thabwa, kukawonjezera timatayala tinayi pakhomo pake, n'kukapereka kwa ba Chishimba. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuti kanjerwa kenikeni katuluke pakhomo paja mwa kufuna kwawo. Ba Chishimba anakalandira ndi manja awiri, kukayang'anitsitsa, n'kunena kuti shediyo ndi yokongola, koma tumphete utu si matayala. Mkangano unayambiranso pomwepo, ndipo unatha zaka zina khumi ndi zingapo.

Apongozi atadwala komaliza, ba Chishimba ankapita kukawaona kuchipatala tsiku lililonse nthawi ya masana, atanyamula nthochi zimene wodwalayo sankadya. Tsiku lina ndili pomwepo, ataona kuti mnzawo wafooka kwambiri, anawerama n'kunena kuti, "Ba Mbewe, navomela. Ni matayala." Apongozi anatsegula maso n'kuwayang'ana mokwiya.

"Musandivomere chifukwa ndikufa. Bwerani ndi mfundo."

Anamwalira patapita masiku awiri.

Titachoka kumanda Loweruka lija, tinakatula amake Isaki ku Kabwata, ndipo ine ndinatsalira pang'ono kuwathandiza kutsuka makapu. Tinjerwa tonse anatipereka ku Sande sukulu, teniteni ndi ta gong'a m'thumba limodzi, ndipo ana a kumeneko akutisakaniza mmene akufunira. Khonde latsala lalikulu modabwitsa. Pansi pake ndi pofiira ndi polishi, kupatula timabwalo tinayi totuwa pamene miyendo ya tebulo limene apongozi aamuna ankamangirapo tinjerwa inaima zaka zonsezo. Pakhoma pali msomali wopanda kanthu ndi mizere ya pensulo imene palibe akudziwa chimene ankayeza. Amake Isaki akuti chimene chikuwasowetsa mtendere ndi bata. Kale m'nyumba monse munkamveka khwasa khwasa, dzanja likufufuza kanjerwa kamodzi m'ndowa, ndipo iwo ankakuwa ali kukhitchini kuti phokosolo lithe. Tsopano latha, ndipo wailesi amaitsegula mokweza.

Tebulo lija linkatseka njira yochokera kukhitchini, moti munthu ankadutsa cham'mbali, mimba atabweza. Pano malo alipo oti n'kudutsa anthu atatu mogundizana mapewa. Koma pamene amake Isaki ankandibweretsera tiyi, ndinawaona atafika pamenepo akutembenuka cham'mbali, kukweza thireyi m'mwamba, n'kudutsa mokhudza khoma. Sanazindikire, ndipo ine sindinawauze.